Kupanga ampulifaya ya mahedifoni ya matransisita atatu, ndi kusaka vuto ikakana kulira

Mahedifoni akuluakulu aja ophimba khutu lonse, mukawalumikiza ku foni yotchipa kapena ku kawailesi ka m'thumba, kawirikawiri amalira mofooka. Voliyumu mwaifikitsa kumapeto koma ng'oma sizikugunda, ndipo nyimbo ikafika pokwera mawu amayamba kusweka. Mahedifoniwo alibe mlandu, foniyo ndiyo ilibe mphamvu zowakankhira. Kaampulifaya ka matransisita atatu mbali iliyonse, kodya batire la 9 V, kamathetsa zimenezi. Zipangizo zake zimapezeka kwa okonza mawailesi ndi ma TV pamsika, ndipo zambiri mungazizule m'wailesi yakufa.

Chimodzi muchigwiritsitse musanayambe: ampulifaya imeneyi imayesedwa ndi mita yoyezera magetsi isanayesedwe ndi khutu. Pali malo amodzi pabolodi pamene payenera kukhala pafupifupi theka la mavolti a batire. Pamenepo pakakhala bwino, zambiri zili bwino. Pakasokonekera, nambala imene mita ikuonetsa ndiyo imakulozerani kumene vuto labisala. Ngati mulibe mita, bwerekani. Ngakhale yachikasu yotchipa ija ya DT830 ikwanira.

Zoti musonkhanitse

Khutu lililonse limafuna kaampulifaya kakekake. Izi ndi za mbali imodzi, ndiye mugule ziwiriziwiri (Q ndi transisita, D ndi dayodi, R ndi rezisita, C ndi kapasita):

Q1: BC547, ya mtundu wa NPN. Ikasowa, C945 kapena 2N3904 igwira ntchito yomweyo.
Q2: BC337, ya mtundu wa NPN, kapena S8050.
Q3: BC327, ya mtundu wa PNP, kapena S8550. BC337 iyende ndi BC327, S8050 iyende ndi S8550.
D1 ndi D2: 1N4148, timadayodi tagalasi tokhala ndi mzere wakuda mbali imodzi.
R1 ndi R2: 10k. R3: 47k. R4 ndi R7: 1k. R5 ndi R6: 10 Ω.
C1: 10 µF. C2: 100 pF, yolembedwa 101. C3: 470 µF ya 16 V.

Zogawana mbali zonse ziwiri: voliyumu yamapasa ya miyendo isanu ndi umodzi yolembedwa A10K, C4 ya 470 µF kapena 1000 µF, C5 ya 100 nF yolembedwa 104, majeki awiri a 3.5 mm, swichi, chogwirira batire, bolodi la mabowo, ndi rezisita imodzi ya 100 Ω yongoyesera.

Matransisita, madayodi ndi marezisita ozula m'wailesi yakale alibe vuto. Makapasita aakulu ndiwo amauma m'kati akakalamba, choncho C3 ndi C4 mugule zatsopano, ndipo iliyonse yotupa pamutu muitaye. Za mizere yamitundu ya pa marezisita, musaikhulupirire kwambiri. Pa kuwala kwa madzulo wofiira ndi wa olenji amaoneka chimodzimodzi, chonsecho kusiyana kwake ndi 1k ndi 10k. Yezani iliyonse ndi mita, muimate pa pepala ndi selotepi, mulembe dzina lake pambali.

Zimene zikuchitika m'katimo

Q1 ndiyo imakulitsa mawu. Q2 ndi Q3 sizikulitsa mavolti, ntchito yawo ndi kupereka karenti imene mahedifoni a 32 Ω amafuna. Zimagwira ngati anthu awiri ocheka matabwa ndi sowo yaitali, wina pamwamba pa chipika wina m'dzenje: Q2 imakokera m'mwamba, Q3 imakokera pansi, mosinthana. Njira yophatikiza NPN ndi PNP motere inafotokozedwa ndi George Sziklai wa ku kampani ya RCA mu 1953, patangopita zaka zochepa transisita itatulukiridwa ku Bell Labs mu 1947, ndipo mpaka lero ili m'mawailesi ambiri.

Povuta ndi posinthanapo. Transisita ya silikoni siyamba kudutsitsa karenti mpaka pakati pa miyendo yake iwiri yotchedwa base ndi emitter pafike pafupifupi 0.6 V. Mukangolumikiza ma base a Q2 ndi Q3 pamodzi, pamakhala kampata pamene zonse ziwiri zazima, ndipo mawu otsika amamveka okhakhala. D1 ndi D2 zimatseka kampatako posunga pafupifupi 1.3 V pakati pa ma base awiriwo, kotero kuti Q2 ndi Q3 zimakhala zoyaka pang'ono ngakhale nyimbo palibe. R5 ndi R6 zimaletsa karenti yopumirayo kuthawa, pakuti transisita ikatentha mavolti amene imafuna amatsika ndi pafupifupi 2 mV pa digiri iliyonse, ndiye imadya kwambiri, n'kutenthanso kwambiri.

R3 imachoka potulukira kubwerera ku base ya Q1. Ili ndi ntchito ziwiri. Pamodzi ndi R2 imaika malo a pakati aja pa theka la batire. Pamodzi ndi R1 imanena kuti mawu akule kangati: papepala ndi 47 kugawa ndi 10, koma pabolodi mupeza pafupifupi kanayi kapena kucheperapo pang'ono.

Gawo 1: dziwani miyendo

Maampulifaya ambiri opanga pakhomo amafera pano. Matransisita onsewa amaoneka ofanana, kathupi kakuda ka miyendo itatu, koma miyendo yake siyalidwa mofanana. Gwirani transisita mbali yophwatalala yolembedwa ikuyang'anani, miyendo ikuloza pansi, muwerenge kuchokera kumanzere. BC547, BC337 ndi BC327 zimapita collector, base, emitter. S8050, S8550 ndi 2N3904 zimapita emitter, base, collector, kutanthauza kuti n'zotembenuka. C945 ili ndi zakezake: emitter, collector, base.

Musangodalira zimenezi, makamaka pa zozula. Ikani mita poyezera madayodi. Pa NPN, waya wofiira ukakhala pa base, miyendo ina iwiriyo ionetsa pakati pa 0.6 ndi 0.7 V. Pa PNP ndi waya wakuda umene umakhala pa base. Mwa miyendo iwiri yotsalayo, umene ukuonetsa nambala yokwererako pang'ono ndiwo emitter. Mita yokhala ndi timabowo tolembedwa hFE imapeputsa ntchito: mukalowetsa bwino ionetsa mazana, mukatembenuza ionetsa kanambala kakang'ono. Pakati pa collector ndi emitter pasaonetse kanthu mbali zonse ziwiri. Pakaonetsa ziro, transisitayo inapsa kale.

Gawo 2: lumikizani mbali imodzi yokha

Mbali imodzi yokha, ndithu. Mukapanga zonse ziwiri nthawi imodzi n'kulakwitsa, mumalakwitsa kawiri, ndipo simukhala ndi yabwino yofanizira.

Pabolodi sankhani mzere wa pamwamba ukhale wa pozitivu, wa pansi ukhale wa negativu, umene tiziutcha ethi. Bolodi likasowa, thabwa louma lokhomedwa timisomali timene mtovu umagwirapo likwanira poyesera. Lumikizani motsatira ndondomeko iyi:

1. R4 ichoke ku pozitivu ifike pamphambano imene tiitche A.
2. Kuchokera pa A ikani D1, kenako D2, motsatizana, mizere yakuda ya onse awiri ikuloza ku ethi. Pothera D2 ndi mphambano B.
3. Collector ya Q1 ipite pa B, emitter yake ku ethi.
4. Base ya Q2 ipite pa A, collector yake ku pozitivu.
5. Base ya Q3 ipite pa B, collector yake ku ethi.
6. Emitter ya Q2 idutse mu R5, emitter ya Q3 idutse mu R6, marezisita awiriwo akumane pamphambano M. Awa ndiwo malo a pakati aja.
7. R3 ichoke pa M ifike pa base ya Q1. R2 ichoke pa base yomweyo ipite ku ethi. C2 ikhale pakati pa base ndi collector ya Q1, miyendo yake yaifupi.
8. R1 ichoke pa base ya Q1 ikakumane ndi mwendo wa pozitivu wa C1. Mwendo wina wa C1 ndiwo polowera mawu.
9. Mwendo wa pozitivu wa C3 ukhale pa M. Mwendo wa negativu ndiwo potulukira mawu, ndipo R7 ichoke pamenepo ipite ku ethi.
10. C4 ndi C5 zikhale pakati pa pozitivu ndi ethi, pafupi ndi Q2 ndi Q3.

Madayodi aja muwaike pafupi kwambiri ndi Q2 ndi Q3, ngati n'kotheka akhudze matupi ake, kuti azitentha limodzi. Pa makapasita aakulu, mzere wotuwa wa pambali umaloza mwendo wa negativu.

Chowotcherera cha 25 mpaka 40 W ndicho choyenera. Nsonga yake ikhudze mwendo ndi mkuwa wa bolodi nthawi imodzi, mtovu muupereke pa mwendowo osati pa nsonga, ndipo masekondi awiri kapena atatu akwana. Polumikiza pabwino pamanyezimira ndipo mtovu umakwera mwendo mosalala. Pakaoneka kampira kotuwa kongokhala pamwamba, sipanagwire, tenthetsaninso. Mtovu musamaugwire ndi mano pamene manja atanganidwa, monga ena amachitira pamsika, ndipo sambani m'manja musanadye.

Mukamaliza, kwezani bolodi ku dzuwa muyang'ane kumbuyo kwake. Timilatho ta mtovu tolumikiza mizere iwiri yoyandikana timaoneka bwino choncho. Dutsitsani nsonga ya mpeni pakati pa mizereyo.

Gawo 3: kuyatsa koyamba, popanda mahedifoni

Ikani rezisita ya 100 Ω ija pakati pa pozitivu ya batire ndi bolodi. Ndiyo mlonda wa matransisita anu: chinachake chikalakwika, karenti siingapitirire 90 mA. Yatsani, muyeze mavolti pa miyendo iwiri ya rezisitayo. Pafupifupi 1 V ndiye kuti bolodi likudya 10 mA, ndipo zili bwino. Ikadutsa 3 V zimitsani msanga, mudumphire ku gawo la zovuta.

Zikakhala bwino chotsani rezisitayo, mulumikize batire mwachindunji. Waya wakuda wa mita ukhale pa ethi, wofiira muziyenda nawo. Ndi batire latsopano muyembekezere izi: base ya Q1 pafupifupi 0.65 V, B pafupifupi 3.6 V, M pakati pa 4.0 ndi 4.7 V, A pafupifupi 5 V. Kusiyana kwa A ndi B kukhale pakati pa 1.2 ndi 1.4 V. Kenako sinthani mita ku mamilivolti muyeze pa miyendo iwiri ya R5. Pakati pa 20 ndi 100 mV ndi pabwino, kutanthauza 2 mpaka 10 mA. Siyani choyaka mphindi zisanu muyezenso. Nambalayo ikwere pang'ono n'kuima. Ikamangokwera osaleka, madayodi ali kutali ndi matransisita.

Matransisita sabadwa ofanana, ndiye M ikhoza kutuluka pang'ono m'malire amenewa popanda cholakwika. Ikafika pa 5 V, sinthani R2 ikhale 12k ndipo itsika ndi pafupifupi theka la volti. Ikakhala pansi pa 4 V, ikani 8.2k ndipo ikwera.

Chomaliza, yezani potulukira, pa miyendo ya R7. Pongoyatsa paoneka mavolti, koma m'masekondi ochepa atsike kufika pafupi ndi ziro. Akakakamira pa volti imodzi kapena kuposa, C3 yatembenuka kapena ikudontha, ndipo mahedifoni mukawalumikiza akhoza kupsa.

Gawo 4: kumvetsera

Yambani ndi timahedifoni totchipa timene simungadandaule nato. Musatilowetse m'khutu, tigwireni chapatali. Khudzani polowera mawu ndi chala: mumva kung'ung'uza, chifukwa thupi lanu limatola magetsi a m'nyumba a 50 Hz. Kung'ung'uzako ndi nkhani yabwino, kukusonyeza kuti njira yonse kuchokera ku C1 mpaka ku C3 ilibe poduka. Tsopano lumikizani foni voliyumu yake ili pansi, mukweze pang'onopang'ono. Sankhani nyimbo imene mumaidziwa bwino, yokhala ndi gitala kapena mawu a munthu m'modzi pamalo achete, pakuti kukhakhala kwa posinthana paja kumamveka pa mawu otsika, osati okwera.

Gawo 5: mbali yachiwiri, voliyumu ndi majeki

Mbali yachiwiri muipange ngati yoyamba, muiyese ndi rezisita ya 100 Ω ija chimodzimodzi. Nambala za mbali ziwirizi zisasiyane kwambiri.

Voliyumu ili ndi mizere iwiri ya miyendo itatuitatu, mzere umodzi mbali imodzi. Mukayang'ana kutsogolo kwa chopotokolera miyendo ikuloza pansi, wa kumanzere upite ku ethi, wa pakati ku C1, wa kumanja ku jeki yolowera. Mukapeza kuti mawu akukwera mukamapotokolera kumanzere, sinthanitsani miyendo iwiri ya m'mbali. Pa pulagi ya 3.5 mm, nsonga ndi khutu la kumanzere, mphete ndi la kumanja, thunthu ndi ethi. Miyendo ya jeki imasiyana malinga ndi opanga, choncho lowetsani pulagi ya chingwe chodula, muyeze ndi mita kuti mwendo uti wagwira waya uti.

Ethi musaiyendetse mwachisawawa. Waya wa ethi wa jeki yotulukira upite wokha pa mwendo wa negativu wa C4, wa batire upitenso pamenepo, ndipo wa jeki yolowera ndi voliyumu ukhale wina wopita pomwepo. Karenti yaikulu ya mahedifoni ikamadutsa mu waya umodzi ndi mawu ofooka olowa, zimasokonezana. Kuchokera ku jeki yolowera mpaka ku bolodi gwiritsani ntchito chingwe chokhala ndi ukonde wa mkuwa kunja, monga zija zofiira ndi zoyera za DVD, ukondewo upite ku ethi.

Ikavuta

Funso loyamba nthawi zonse ndi lomwelija: pa M pali mavolti angati? Ndipo musanafunse limenelo, yezani batire ampulifaya ili yoyaka. Batire lofooka limaonetsa 9 V likakhala lokha, n'kugwera pa 6 V likapatsidwa katundu.

M ili pamwamba, 7 kapena 8 V. Q1 siikukoka. Yezani base yake. Ikaonetsa ziro, R3 sinagwire kapena base yakhudzana ndi ethi. Ikaonetsa pafupifupi 1.4 V, R3 ndi R2 zili bwino koma emitter ya Q1 sinafike ku ethi, kapena transisitayo yaduka m'kati. Ikaonetsa pakati pa 0.6 ndi 0.7 V koma M ili pamwambabe, n'kutheka kuti collector ndi emitter mwazisinthanitsa. Transisita yotembenuka imagwirabe ntchito koma mofooka kwambiri, n'chifukwa chake imapusitsa. Zonsezi zikakhala bwino, zulani Q2 muiyeze ngati sinapse.

M ili pakati pa 1 ndi 2 V. Apa ganizirani ziwiri: R2 sinagwire, kapena pali kamlatho ka mtovu pakati pa base ndi collector ya Q1, pamene pali C2. Pa chachiwirichi B imafanana ndendende ndi base ya Q1.

M ili pansi pa 1 V. Yezani A. Ikakhala ziro, R4 sinagwire kapena pozitivu siikufika. Ikakhala pafupifupi 1.4 V pamene B ili pa ziro, Q1 yapsa kapena B yakhudzana ndi ethi.

Q2 ndi Q3 zikutentha, batire likutha msanga. Yezani pakati pa A ndi B. Mukapeza kuposa 1.5 V, dayodi imodzi yatembenuka, yasweka kapena sinagwire, ndipo matransisita awiriwo atseguka onse nthawi imodzi. Ili ndilo vuto limene limapsereza zinthu, ndipo ndi chifukwa chake tinayamba ndi rezisita ya 100 Ω. Ngati A ndi B zili bwino koma kutentha kulipo, gwirani mwendo wa collector ya Q1 ndi chala mukuyang'ana mita ili pa R5. Nambala ikadumpha kwambiri, ampulifaya ikudziimbira yokha pa liwu lokwera kuposa limene khutu limamva. Onani ngati C2 ndi C5 zagwira, fupikitsani mawaya, ndipo chingwe chotuluka chisagone pamodzi ndi cholowa.

Mavolti onse ali bwino koma kuli zii. Ndiye vuto lili kunja kwa matransisita: jeki, voliyumu, C1 kapena C3. Yendani ndi kasikuludiraiva mutagwira chitsulo chake. Khudzani base ya Q1, kenako mbali ina ya R1, kenako mbali ina ya C1, kenako mwendo wa pakati wa voliyumu itafika theka. Pamene kung'ung'uza kwalekera, chodukacho chili pakati pa pamenepo ndi pamene munakhudza komaliza.

Mawu otsika akukhakhala, okwera ali bwinoko. Pa R5 mupeza ziro kapena pafupi ndi ziro. Onani ngati dayodi imodzi sinalumikizidwe ndi kamlatho ka mtovu. Ngati onse ali bwino, ikani rezisita ya 22 Ω motsatizana ndi madayodiwo. Imawonjezera pafupifupi 4 mA. Musapitirire pamenepo popanda kuyeza.

Mawu okwera akusweka. Kawirikawiri ndi batire. M ya ampulifaya iyi siitsika limodzi ndi batire, imakakamira pafupi ndi 4 V, choncho batire likafika pa 7 V mpata wa m'mwamba umachepa ndipo nsonga za mawu zimadulidwa. Ngati batire ndi latsopano, onaninso miyendo ya Q2 ndi Q3. Apo ayi, mwangokweza kwambiri: foni pamapeto kuphatikiza voliyumu pamapeto ndi zoposa zimene 9 V ingapereke.

Woimba wasowa, besi yasowa, zida zikumveka ngati zili kuseri kwa phiri. Ili limadabwitsa anthu, koma ndi lapafupi. Ethi ya jeki yaduka, ndipo makutu awiriwo akumva kusiyana kwa mbali ya kumanzere ndi ya kumanja kokha. Chilichonse chojambulidwa pakati, monga mawu a woimba, chimafafanizika. Zimachitikanso ndi mahedifoni okhala ndi maikolofoni, a pulagi ya zigawo zinayi, akalowa mu jeki ya zigawo zitatu imene kachitsulo kake ka ethi kakukhudza chigawo cha maikolofoni. Sololani pulagi pang'ono: mawu akabwerera, vuto ndi limenelo, ndipo mufunika jeki ina.

Besi ndi yochepa koma woimba alipo. Onani C3. Ndi mahedifoni a 32 Ω, kapasita ya 470 µF imayamba kudula pafupifupi pa 11 Hz, kumene khutu silifika. Ya 100 µF imadula pa 50 Hz, ndipo mumva kusiyana. Timahedifoni ta 16 Ω timachulukitsa nambalazi kawiri. Kapasita yakale youma imachita ngati yaing'ono ngakhale palembedwa 470.

Kung'ung'uza kosalekeza. Chotsani chingwe cholowa, mutsitse voliyumu mpaka pansi. Kukaleka, kukulowera ku chingwe kapena ku foni, makamaka foni ikakhala pa chaja. Kukapitirira, ndipo mukugwiritsa ntchito adaputa m'malo mwa batire, ndi adaputayo. Ampulifaya yophweka chonchi siisefa bwino zinyalala za m'magetsi ake, chifukwa R4 imazitenga kuchokera ku pozitivu n'kuzipereka pa base ya Q2. Adaputa ya thiransifoma imang'ung'uza pa 100 Hz, yopepuka ya masiku ano imalira mluzu.

"Du-du-du" wapang'onopang'ono ngati injini ya chigayo ikuyamba: batire lafooka kapena C4 sinagwire. "Tr-tr-trrr" wobwera foni isanalire ndi netiweki ya 2G, imene imatumiza mwa timagulu ka 217 pa sekondi. Sunthani foni, ndipo bokosi lachitsulo lithandiza. Mukamamva siteshoni ya wailesi chapansipansi, ikani kapasita ya 1 nF, yolembedwa 102, kuchokera polowera mawu kupita ku ethi, pa jeki penipeni.

Phokoso la "sss" pa timahedifoni ta m'khutu limatanthauza kuti ampulifaya ikukulitsa kuposa mmene tikufunira. Kwezani R1 ikhale 22k, ndipo mukweze voliyumu ya foni m'malo mwake. R3 musaikhudze, chifukwa mukaisintha M isuntha. Voliyumu yokhekhereza mukamapotokola ndi fumbi, koma yang'ananinso C1: ikatembenuka kapena kudontha, mavolti amafika pa voliyumuyo ndipo imakhekhereza ngakhale ili yatsopano.

Bokosi ndi magetsi

Chitini cha masikono kapena cha mkaka wa ufa ndi bokosi labwino kuposa la pulasitiki, bola muchilumikize ku ethi pamalo amodzi ndipo pansi pa bolodi muyale katoni kapena chidutswa cha chubu cha njinga. Muziyatsa kaye, mudikire masekondi awiri kapena atatu C3 idzaze, kenako mulowetse mahedifoni. Mukawalowetsa musanayatse mumva "phu" m'makutu.

Kaampulifayaka kamatha kupereka mamiliwati makumi angapo, pamene mahedifoni ambiri amalira mokwanira ndi miliwati imodzi yokha. Bungwe la WHO limalangiza kuti wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata pa 80 dB, ndipo 3 dB iliyonse yowonjezera imadula nthawiyo pakati. Makutu akamalira okha mutavula, munakweza kwambiri.

Mbali ziwiri pamodzi zimadya pafupifupi 20 mA. Batire la 9 V la alkaline limasunga pafupifupi 500 mAh, ndiye muyembekezere maola a tsiku limodzi lathunthu kapena kucheperapo, ndipo lotchipa lija silifikako n'komwe. Kwa ine, mabatire asanu ndi limodzi a AA otsatizana ndi abwino kuposa, chifukwa amapereka 9 V yomweyo n'kukhalitsa kangapo. Chaja ya foni ya 5 V siikwanira, popeza M ili kale pa 4 V ndipo m'mwamba simutsala mpata.

Amene muli ndi batire la sola la 12 V muli ndi njira ziwiri. Yophweka ndi kuika 7809, imene imatsitsa mavolti kufika pa 9 V, pakati pa batire ndi bolodi, yokhala ndi kapasita ya 100 nF kolowera ndi kotulukira. Imafuna pafupifupi 11 V kuti igwire bwino, ndipo imasefanso phokoso la inveta ndi mababu a LED amene ali pa batire lomwelo. Ina ndi kulumikiza mwachindunji mutasintha R3 kukhala 68k ndi R4 kukhala 1.5k, kuti M ikwere kufika pafupifupi 6 V, makapasita onse aakulu akhale a 25 V. Mukatero bwerezani miyezo yonse ya gawo 3, makamaka ya pa R5. Njira iliyonse imene mwasankha, ikani fyuzi ya 500 mA pa waya wa pozitivu, pafupi ndi batirelo osati pafupi ndi bolodi, pakuti batire la sola likakhudzanitsidwa limasungunula waya wonse kuyambira kumutu kwake.